Anapiye anga akutha asanakwanitse miyezi iwiri: vuto lili pati?

Mayi Woyamba Kumene analemba:

Akuluakulu nonse amene mumaweta nkhuku, ndabwera kudzapempha nzeru. Kuseri kwa nyumba yanga kuli kakhola kamene mumagona mathadzi asanu ndi atatu ndi tambala mmodzi, ndipo cholinga changa si malonda ayi, koma kuti pakhomo pazipezeka mazira ndiponso kuti nkhukuzo zizichulukana pang'onopang'ono. Kuikira zimaikira bwino ndithu, kufungatira zimafungatiranso, ndipo thadzi likakhalira mazira khumi, kawirikawiri limaswa asanu ndi atatu kapena asanu ndi anayi. Vuto limayamba anapiye akangotuluka m'chisa. Sabata yoyamba amaoneka athanzi, akuthamanga pambuyo pa make, koma kuyambira sabata yachiwiri amayamba kuchepa mmodzimmodzi, moti pofika miyezi iwiri ndimatsala ndi awiri kapena atatu basi. Ena ndimawapeza atafa m'khola m'mawa, ena amangosowa masana osadziwika kumene alowera, ndipo ena amayamba kuwodzera, mapiko atagwa pansi, kenaka n'kufa patapita tsiku limodzi kapena awiri.

Khola lenilenilo ndi la njerwa, denga lake ndi la malata, ndipo mvula ikagwa yamphamvu limadontha pangodya imodzi. Pansi ndi dothi chabe, mawindo mulibe kupatula kampata kamene kali pamwamba pa chitseko, ndipo nkhuku zonse, zazikulu ndi anapiye omwe, zimagona momwemo. M'mawa ndimaziwazira madeya, kenaka ndimazitsegulira kuti zikadzifunire zakudya pabwalo, ndipo madzi ndimaziikira m'beseni lakale pansi pa mtengo. Katemera sindinaperekepo chiyambire kuweta.

Ndikufuna kudziwa ngati imfa zimenezi zikubwera chifukwa cha matenda kapena chifukwa cha kadyetsedwe, komanso ngati pali mankhwala othira m'madzi amene ndingagule kuti anapiye asiye kufa. Ndikuganizanso zogula misoti inayi ya mtundu woikira kwambiri kuti ndiwonjezere m'kholamo, ndiye mundiuze ngati ndi nzeru kutero panopa.

Bambo Mlangizi Wopuma anayankha:

Mayi, mwachita bwino kufotokoza zonse mwatsatanetsatane, chifukwa zikuonetsa kuti simukulimbana ndi vuto limodzi. Imfa zimene mwatchulazi ndi za mitundu itatu, ndipo mankhwala a m'madzi amene mukuganiza zogulawo sangathandize chilichonse pa mitundu iwiri mwa itatuyo.

Anapiye amene amasowa masana amatengedwa ndi mphamba, akhwangwala, amphaka kapena likongwe. Thadzi limateteza ana ake molimba mtima, koma silingathe kuyang'anira anapiye asanu ndi anayi amene amwazikana m'maudzu, ndipo mbalame yolusa ikangotola mmodzi pamalo ena, imabwerako tsiku ndi tsiku chifukwa yadziwa kuti pamenepo pali chakudya chosavutikira.

Amene mumawapeza atafa m'mawa, ambiri amafa ndi kuzizira ndi chinyezi. Mwanapiye amatuluka m'dzira ali ndi ubweya wofewa chabe, ndipo nthenga zenizeni zimakwanira pakatha masabata asanu kapena asanu ndi limodzi. Asanafike pamenepo sangathe kusunga kutentha kwa thupi lake payekha. Sabata yoyamba amafuna malo ofunda madigiri 32 mpaka 35, ndipo mlingo umenewu umatsika ndi madigiri pafupifupi atatu sabata iliyonse. Kutentha kumeneku amakupeza pansi pa mapiko a make, koma taganizirani zimene zimachitika mukawatsegulira m'mamawa: thadzi lili ndi njala chifukwa lakhala masiku 21 likudya mopereweza pa mazira, ndiye limayenda mtunda wautali likupalasa, anapiye akulitsatira m'mame mpaka kunyowa m'mimba monse. Madzulo amabwerera atatopa, n'kukagona pa dothi lachinyontho, pansi pa nkhuku zazikulu zimene zimawaponda ndi kuwagwetsera zitosi. Wofooka kwambiri pa onsewo safika m'mawa. Musaiwalenso makoswe, amene amapha anapiye usiku ndipo nthawi zina amangowaluma pakhosi n'kuwasiya pomwepo.

Njira yothetsera mavuto awiriwa ndi imodzi, ndipo ndiyo ndingakulimbikitseni kuposa china chilichonse: thadzi likaswa, litsekereni pamodzi ndi ana ake m'kakhola kapadera kwa masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi. Kakhola ka mita imodzi mulifupi ndi mita imodzi ndi theka mulitali n'kokwanira thadzi limodzi ndi anapiye khumi. M'mbali ndi pamwamba muike waya wa timabowo ting'onoting'ono, tosapitirira sentimita imodzi ndi theka, chifukwa waya wa mabowo aakulu umatsekereza nkhuku zazikulu zokha koma khoswe ndi njoka zimadutsa bwinobwino. Mbali imodzi ikhale ndi denga ndi makoma otchinga mphepo, mbali inayo ilowe dzuwa. Pansi pa malo ogonawo muyale zopalapala za matabwa kapena mankhusu ouma, kuchindikala kwake masentimita asanu kapena kuposerapo. Utuchi wosalala ngati ufa si wabwino masiku oyambirira, chifukwa anapiye amaudya pouyesa chakudya. Ngati kakholako n'kopepuka moti anthu awiri angakanyamule, muzikasuntha pakatha masiku awiri kapena atatu kuti kazikhala pa nthaka yoyera.

Tsopano za chakudya. Madeya amakhutitsa, koma samanga thupi mokwanira. Mwanapiye amafuna chakudya chokhala ndi mapuloteni magawo 18 mpaka 20 pa 100 alionse, pamene madeya a chimanga ali ndi pafupifupi theka chabe la mlingo umenewu. N'chifukwa chake anapiye odya madeya okha amachedwa kumera nthenga, ndipo akachedwa kumera nthenga amakhalitsa pa msinkhu woopsa uja wa kuzizira. Chakudya chopangidwiratu cha anapiye, chimene m'masitolo amachitcha chick mash, ndicho chabwino koposa, ndipo sichilowa chambiri monga anthu amaopera: mwanapiye mmodzi amadya pafupifupi makilogalamu awiri m'masabata asanu ndi atatu oyambirira. Ngati mukufuna kusakaniza nokha, phatikizani chimanga chogaya ndi soya wokazinga bwino, ndipo muziwonjezera dzira lowiritsa lonyenyanyenya, chiswe ndi masamba obiriwira oduladula. Soya wosaphika musawapatse, pakuti ali ndi zinthu zolepheretsa thupi kugaya mapuloteni, ndipo zinthuzo zimatha pokhapokha soyayo akapsa. Chakudya cha nkhuku zoikira nachonso musawapatse anapiye, chifukwa kashiamu wake, mchere womanga mafupa ndi zikamba za mazira, ndi wochuluka kwambiri ndipo amawononga impso zawo.

Beseni lija lichotseni. Mwanapiye akakwera m'mphepete mwake kuti amwe amagweramo, ndipo ngakhale atatulukamo amakhala atanyowa thupi lonse. Tengani mbale yosaya, muikemo timiyala toyera kuti madzi azioneka pakati pa timiyalato, ndipo muzitsuka mbaleyo tsiku lililonse.

Mtundu wachitatu, wa anapiye owodzera ndi ogwetsa mapiko, ndiwo matenda, koma nkhuku yodwala imaoneka chimodzimodzi pa matenda ambiri, choncho sindingatchule dzina ndisanamve zambiri. Mawa m'mawa, musanasese, kayang'anitsitseni zitosi pamene anapiye agona, mudzatiuze mtundu wake, ngati zili ndi magazi, ndiponso msinkhu wa anapiye amene akudwalawo.

Woweta Wakale anayankha:

Zimene anena Bambo Mlangizi ndikugwirizana nazo, koma ine ndiima pa mawu amodzi amene mayi mwalemba kumapeto ngati chinthu chaching'ono, akuti katemera simunaperekepo. Kakhola kabwino kapulumutsa anapiye anu kwa mphamba ndi kuzizira, koma chitopa chikadzafika sichidzasankha wamkulu kapena wamng'ono, ndipo m'khola losatemera chimatha kupha pafupifupi nkhuku zonse m'masiku owerengeka.

Chitopa, chimene m'mabuku chimatchedwa Newcastle chifukwa cha mzinda wa Newcastle upon Tyne ku England kumene chinabuka m'zaka za m'ma 1920, chimayamba ndi kachilombo ka mtundu wa vairasi. Tanthauzo lake n'lakuti chilibe mankhwala ochiza. Makapisozi ndi maufa othira m'madzi amene anthu amathamangira kugula amapha mabakiteriya, ndipo vairasi samugwira. Nkhuku yodwala chitopa imapuma movutikira kukamwa kuli yasa, imatsegula m'mimba zobiriwira, imasiya kudya, ndipo zina zimene zapirira masiku angapo zimapotoka khosi kapena kuyenda mozungulirazungulira. Chizindikiro china chachikulu n'chakuti zimafa zambiri nthawi imodzi, zazikulu ndi zazing'ono zomwe, ndipo makola oyandikana nawo amakhalanso akulira zomwezo. Popeza inu mathadzi anu ali bwino ndipo akufa ndi anapiye okha, ndikukayika kuti chimene chilipo panopa ndi chitopa, koma zimenezo zingotanthauza kuti mudakali ndi mpata wotemera.

Kwa munthu wa nkhuku zochepa, katemera wosavuta ndi wa I-2, amene anapangidwa ku yunivesite ya Queensland ku Australia poganizira alimi okhala kutali ndi mafiriji. Amapirira kutentha kuposa akatemera ena, ngakhale kuti ameneyunso safuna kusiyidwa padzuwa. Kaperekedwe kake ndi dontho limodzi m'diso la nkhuku iliyonse, kaya ndi tambala kaya ndi mwanapiye wongoswedwa kumene, ndipo mumagwira mutu wake mopendeketsa mpaka muone kuti dontholo lalowa isanapukuse mutu. Chitetezo chimakhwima pakatha sabata imodzi kapena awiri, ndipo katemerayu amabwerezedwa miyezi inayi iliyonse, kutanthauza katatu pa chaka. Apa ndi pamene anthu ambiri amagwa ulesi: amatemera kamodzi, n'kumaganiza kuti zatha, pamene anapiye onse oswedwa pambuyo pake sanalandire kanthu. Nthawi yabwino yotemera ndi m'mamawa musanatsegule khola, chifukwa nkhuku zimagwirika mosavuta ndipo palibe imene ingatsale. Nkhuku yodwala kale musaitemere, pakuti katemera sachiza, ndipo ikafa mudzayamba kunena kuti katemera ndiye wapha. Botolo limodzi limakhala la nkhuku zambiri kuposa zanu, choncho ndi bwino kugwirizana ndi oyandikana nawo kuti mutemere tsiku limodzi, zimene zimatetezanso khola lanu chifukwa matenda sapeza poyambira pafupi.

Za misoti inayi mukufuna kugulayo, ine ndikuti dikirani. Kuwonjezera nkhuku m'khola limene anapiye akufa osadziwika chifukwa chake kuli ngati kuthira madzi mumtsuko wobooka. Komanso njira yaikulu imene matenda amalowera pakhomo ndi nkhuku yobwera kumene, makamaka yogulidwa pamalo pamene nkhuku zochokera m'makola osiyanasiyana zimaunjikidwa pamodzi. Munthu akaona kuti nkhuku zake zayamba kufa amathamangira kugulitsa zotsalazo, ndipo nkhuku yotenga chitopa imatha kuoneka yathanzi kwa masiku angapo isanayambe kudwala. Mukadzakonzeka kugula, gulani kwa woweta amene mungaone khola lake ndi maso anu, ndipo zatsopanozo muzisunge pazokha kwa masabata osachepera awiri, ngakhale mwezi wathunthu ngati malo alipo, zili ndi mbale zawozawo. Pogwira ntchito muziyamba ndi nkhuku zanu zakale, n'kumalizira zatsopanozo, ndipo muzisamba m'manja ndi sopo mukatha.

Mayi Woyamba Kumene analembanso:

Zikomo kwambiri nonse awiri. Ndakayang'ana monga munanenera, Bambo Mlangizi, ndipo pangodya yodontha ija ndapeza zitosi zamadzimadzi zofiirira, zina zili ndi magazi ooneka bwinobwino. Anapiye amene akuwodzera panopa ndi atatu, a masabata anayi, ndipo aima pamodzi nthenga zili nyankhalala, osafuna kudya. Nkhuku zazikulu zonse zili bwino, kupatula kuti mathadzi awiri ayamba kukana kulowa m'khola madzulo ndipo akumagona mumtengo. Kodi pamenepa ndigule mankhwala anji? Ndiponso, popeza kuyendayenda kukuoneka kuti ndiko kukubweretsa mavuto, kodi si bwino kuti ndingozitsekera nkhuku zonse usana ndi usiku?

Mayi wa Mathadzi Khumi anayankha:

Za mankhwala ndiwasiyira Bambo Mlangizi, koma pa funso lanu lachiwirilo ndikuti ayi, musafulumire kutsekera nkhuku zazikulu. Anthu ambiri akamva kuti nkhuku zotsekera zimaikira kwambiri amaiwala kuti nkhuku yotsekeredwa imadalira mwini wake pa chilichonse. Thadzi loikira limadya magalamu 110 mpaka 120 a chakudya chokwanira bwino pa tsiku, ndipo pa nkhuku zanu zisanu ndi zinayi ndiye kuti kilogalamu imodzi tsiku lililonse, chaka chonse, popanda kudumphitsa. Mukazitsekera n'kumazipatsa madeya okha, mwazilanda ziwala, nyongolotsi za m'dothi, njere ndi msipu zimene zinkakwaniritsa zoperewera, ndipo zotsatira zake ndi kusiya kuikira, kujomphana nthenga ndi kudya mazira awo omwe. Nkhuku za makolo zimene zimafungatira zokha ngati zanuzo zimaikira mazira 10 mpaka 15 kenaka n'kukhalira, ndipo pa chaka zimapereka mazira 40 mpaka 60. Ngakhale mutazidyetsa bwanji sizingafike pa mazira pafupifupi 300 amene nkhuku za mtundu woikira zimapereka, choncho kuzigulira chakudya chonse n'kutaya ndalama. Chimene chimapindulitsa pa nkhuku zoterezi n'kuzisiya ziziyenda masana, kuziwonjezera chakudya pang'ono m'mawa ndi madzulo, ndi kuika ndalama zanu pa anapiye. Chakudya cha madzulocho chili ndi ubwino winanso, woti chimazizoloweretsa kubwera zokha kukhola dzuwa lisanalowe.

Pali zinthu ziwiri zotsika mtengo zimene ndimaona kuti zisasowe pakhomo pa woweta. Choyamba ndi kashiamu wa mathadzi. Chikamba cha dzira limodzi chimatenga pafupifupi magalamu awiri a kashiamu, ndipo thadzi likapanda kumupeza m'chakudya limamuchotsa m'mafupa ake. Zikamba za mazira amene mwadya muziziumitsa, kuzikazinga pang'ono ndi kuzisinja kuti zisaonekenso ngati dzira, n'kuziika m'kambale kapadera kuti thadzi lofuna lizidzitengera lokha. Chachiwiri ndi madzi oyera pamthunzi. Nkhuku ilibe thukuta, imadziziziritsa popuma mwawefuwefu, ndipo imamwa madzi olemera pafupifupi kawiri kuposa chakudya chimene yadya, kuposanso pamenepo kukatentha. Popeza magawo atatu mwa anayi a dzira ndi madzi, thadzi losowa madzi kwa tsiku limodzi lokha limatha kudukiza kuikira kwa masiku angapo. Chimanga kapena madeya a chuku musazipatse ngakhale zitaoneka kuti zikudya mokondwa, chifukwa poizoni wa chuku amawononga chiwindi ndipo anapiye ndiwo amayamba kugwa.

Koma chimene chandikopa kwambiri m'mawu anu ndi mathadzi awiri okana kulowa m'kholawo. Nkhuku siisiya malo amene inazolowera kugona popanda chifukwa, ndipo nthawi zambiri chifukwa chake ndi utitiri. Pali utitiri wina umene sukhala pathupi la nkhuku masana: umabisala m'ming'alu ya khoma, m'mphako za mitengo yogonapo ndi pansi pa udzu wa m'zisa, ndipo umatuluka usiku kudzayamwa magazi. Mukaigwira nkhukuyo masana simuona kanthu, n'kumati ili bwino. Lowani m'kholamo usiku ndi tochi, mupukute kunsi kwa mtengo wogonapo ndi kansalu koyera, ndipo mukaona timizere tofiira pansalupo, mwaupeza. Utitiri umenewu umathawitsa thadzi pa mazira lisanaswe, ndipo mwanapiye, amene magazi ake ndi ochepa kale, umamufooketsa msanga. Tulutsani udzu wonse wa m'zisa muutenthe, thirani madzi owira pa mitengo yogonapo, matani ming'alu yonse ya khoma ndi kupaka laimu, ndipo ngati mugwiritsa ntchito mankhwala ophera tizilombo, akhale olembedwa kuti ndi a nkhuku. Mubwereze pakatha sabata imodzi, chifukwa mazira a utitiriwo amakhala ataswa ena. Panja, pamalo osanyowa, ikani mchenga wosakaniza ndi phulusa kuti nkhuku zizisambamo. Nthata zakuda zimene zimamatirira kuzungulira maso muzizipaka mafuta a Vaseline mosamala, ndipo mafuta omwewo amathandiza miyendo imene mamba ake atukuka ndi kukakala.

Bambo Mlangizi Wopuma anayankhanso:

Mayi, magazi m'zitosi, anapiye a masabata anayi, ndi ngodya yonyowa, zonsezi zikuloza ku matenda a kamwazi wa nkhuku, amene madokotala a ziweto amawatcha coccidiosis. Amayamba ndi tizilombo tosaoneka ndi maso totchedwa Eimeria, timene timaswana m'matumbo ndi kuwononga khungu lake lamkati. Mazira a tizilomboti amatuluka ndi zitosi, ndipo akangotuluka sakhala oopsa nthawi yomweyo: amafuna chinyezi ndi kufunda kwa tsiku limodzi kapena awiri kuti akhwime. Apa ndiye mukuona chifukwa chake ngodya yodontha ija ili pakati pa nkhani yonseyi. Nkhuku zazikulu zinakumana nato kale tizilomboti ndipo matupi awo anazolowera, koma zimapitiriza kutitaya m'zitosi, ndipo anapiye ogona pansi pawo amatola tochuluka kuposa mmene matupi awo angapirire. Matendawa amavuta kwambiri pa msinkhu wa masabata atatu mpaka asanu ndi limodzi.

Mosiyana ndi chitopa, amenewa ali ndi mankhwala. Odziwika kwambiri ndi amprolium, amene amathiridwa m'madzi akumwa kwa masiku asanu mpaka asanu ndi awiri, pa mlingo wolembedwa papaketi. Apatseni anapiye onse a msinkhu umenewo, osati atatu okhawo, ndipo pa masiku amenewo asapeze madzi ena alionse kupatula a mankhwalawo, amene muzisungunula atsopano tsiku lililonse. Amene afooka moti sakumwa okha, muziwadonthezera pang'onopang'ono m'mbali mwa mulomo. Mavitamini musawaphatikize pa nthawi yomweyo, chifukwa amprolium amagwira ntchito pomana tizilomboto vitamini B1, ndipo mukamuwonjezera m'madzi mukufooketsa mankhwala anu omwe. Mavitaminiwo mudzawapatse mukamaliza. Pa mankhwala alionse amene mungadzapatse nkhuku zazikulu, muziwerenga masiku amene alembedwa kuti mudikire musanadye mazira kapena nyama yake. Ngati pakatha masiku atatu palibe kusintha, kapena mukaona zitosi zoyera zamadzi zomata nthenga za kumbuyo, itanani wa zaziweto adzaone, chifukwa pa msinkhu womwewu pamabweranso matenda a Gumboro, amene ndi a vairasi ndipo amawononga chitetezo cha mwanapiye. Anapiye akufa muziwakwirira mozama kapena kuwatentha, osawataya kudzala kumene agalu angawafukule.

Mankhwalawo adzangogwira ntchito kamodzi ngati kholalo likhalabe mmene lilili. Tsekani podonthapo, palani dothi la pamwamba pa ngodya imeneyo mulitaye kutali, ndipo mukweze pansi pa khola kuti madzi a mvula asamalowe. Boolani mawindo m'mwamba mwa makoma awiri oyang'anizana, muwatchinge ndi waya, kuti mpweya uzidutsa pamwamba pa mitu ya nkhuku popanda kuziwomba pamene zagona. Anthu amaopa kuti mawindo azizizira nkhuku, koma nkhuku yaikulu, imene thupi lake limatentha madigiri pafupifupi 41 ndipo yavala nthenga, imavutika ndi chinyezi ndi fungo kuposa kuzizira. Kuti mudziwe ngati mpweya ukukwanira, gwadani m'kholamo m'mawa mutu wanu ufike pamene pamakhala mitu ya nkhuku, ndipo ngati fungo la zitosi likukulasani m'maso, ndiye kuti nkhukuzo zapuma zimenezo usiku wonse. Zoyala pansi muziziyesa pozifumbata m'dzanja: zikagwirana n'kukhala chibuma, zanyowa ndipo zichotsedwe. Pa kukula kwa khola, nkhuku zitatu pa sikweya mita imodzi ndi mlingo wabwino kwa zogonamo usiku, mtengo wogonapo upatse nkhuku iliyonse masentimita 20 mpaka 25, ndipo chisa chimodzi cha masentimita 30 mbali zonse chimakwanira mathadzi anayi. Zisazo zikhale m'munsi kuposa mitengo yogonapo, apo ayi nkhuku zidzagona m'zisa ndi kudetsa mazira.

Pa zotsekera nkhuku zazikulu ndikugwirizana ndi Mayi wa Mathadzi Khumi, ngakhale kuti ine ndikanawonjezera mpanda wozungulira bwalo ngati mungathe, kuti nkhuku zanu zisamasakanikirane ndi za ena kapena kumwera pamodzi ndi mbalame zakutchire. Tambala mmodzi pa mathadzi asanu ndi atatu ndi wokwanira, musawonjezere wina. Pa kufungatiritsa kotsatira, sankhani mazira oyera, osasweka, osapitirira sabata imodzi chiikiridwire, ndipo musawatsuke. Alembeni chizindikiro ndi pensulo kuti mathadzi ena akaikira momwemo muzichotsa atsopanowo, ndipo pakati pa tsiku la 7 ndi la 10 muwaunike ndi tochi mumdima: dzira lamoyo limaonetsa timitsempha tofiira, pamene lopanda kanthu limawala mbee ndipo liyenera kuchotsedwa lisanaole. Ngati mathadzi awiri ayamba kukhalira m'sabata imodzi, apatseni mazira tsiku limodzi kuti adzaswe pamodzi. Mukatero mungathe kupereka anapiye onse kwa thadzi limodzi usiku woyamba, ngati sapitirira 15, linalo n'kubwerera kukaikira, ndipo anapiye a msinkhu umodzi mudzawatemera ndi kuwasinthira chakudya pa tsiku limodzi.